Nkhope Ziwiri M'bwato Limodzi

Kuzizira kwa chaka chimenecho kunatsika m'phiri la Mulanje ngati mlendo wobwera ndi mphasa yake, wosafunsa kuti agona pati. Chiperoni m'mawa, chiperoni masana, kamvula kopanda madontho kongonyowetsa nsidze. Phiri la Michesi linasowa, mitengo ya mango inasowa. Munthu wobwera panjira unkayamba wamva kutsokomola kwake, kenako n'kumuona akutuluka mu utsi woyera, manja ali m'khwapa. Mpunga tinali titakolola kudambo, nandolo asanakhwime, makasu ali chigonere. Tinkangotsata kadzuwa kuseri kwa nyumba ngati abuluzi, kadzuwa kake kakapezeka.

M'masiku amenewo mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kumsika, dengu likadali pamutu koma mawu atatsika kale.

"Amayi, abwera aja! A kamera aja anapita ndi ababa kunyanja aja. Akuonetsa makanema kuholo ya kutchalitchi sabata yonse. Ndiye akuti mu kanema mmodzi muli ababa."

Ndinakhala pansi pomwe ndinaima pomwepo.

Amuna anga anali msodzi wa ku Chilwa. Anatisiya chaka china cham'mbuyo, mvula itatsala pang'ono kugwa. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, cha pa ukwati wa mwana wathu yemweyu, ndipo madzi osefukira atalowa m'nyumba anachitenga pamodzi ndi mphasa ndi nkhuku. Poyamba sindinadandaule. Ndinkati munthu amene ndakalamba naye ndingamuiwale bwanji? Koma nkhope imathawa, anzanga, imathawa mwakachetechete ngati madzi a mumtsuko wong'aluka. Mawu awo ndinali nawo. Manja awo ndinali nawo, ong'ambikang'ambika ndi zingwe za ukonde. Fungo la utsi wa matemba m'malaya mwawo ndinali nalo. Koma ndikatseka maso kuti ndione nkhope, inkangoti waliwali ngati mwezi m'chitsime chimene mwana waponyamo mwala.

Kutulo ankabwera, inde ankabwera. Koma ankabwera ataima m'bwato, nsungwi yokankhira ili m'manja, atandifulatira. Ndiitane, ndiitane, iwo ulendo, kulowa mu njedza, udzu wautali wa m'nyanja uja. Ndinkadzuka ndikuimba ndekha: tembenukani bambo, tembenukani ndikuoneni, khosi silithyoka. Koma osatembenuka.

Ndiye nditamva kuti nkhope ija aibweretsa kuholo ya kutchalitchi, mukuti ndikanagona?

Anthu ake anali achinyamata a m'tauni, ovala majuzi aakulu ndi zipewa za ubweya. Ankati ndi chikondwerero cha makanema, koma osati aja a nkhonya ndi mfuti amene amasokosa m'tinyumba ta vidiyo pamsika. Awa anali opanga okha, iwo ndi anzawo a m'mayiko ena, anthu opanda bwana, ongonyamula kamera n'kumatsata chimene mtima wawo wakonda. Wowatsogolera anali mtsikana wochepa thupi, wometa mpala, yemwe uja anakhala kunyanja ndi asodzi athu mpaka udzudzu unamudziwa.

Ankaonetsa masana, kuti anthu a kwa Kaduya, a kwa Mkhumba ndi ife a kufupi ndi nyanja tizibwerera kukuwala. Koma kanema amafuna mdima, ndipo holo ija ili ndi mawindo ngati khola la nkhunda. Ndiye anapempha kuti aliyense wobwera abwere ndi bulangete. Kupempha munthu bulangete mwezi wa Juni! Kuli ngati kumupempha khungu. Koma tinapereka. Ine ndinatenga la amuna anga, lotuwa, lokhala ndi kabowo pamene panagwera moto wa fodya wawo. Analipachika pawindo la kumadzulo.

Mukanalowa mmenemo! Kunja masana, m'kati usiku. Mabulangete a midzi yonse ali lende m'makoma, lililonse ndi fungo la nyumba yake, lina utsi wa chinangwa, lina mkodzo wa khanda, lina sopo wa aphunzitsi. Tinali ngati talowa tonse m'tulo ta munthu mmodzi. Ndipo pa kabowo ka fodya kaja pankalowa kakuwala kamodzi, kanyenyezi kamodzi m'thambo lonselo. Ndinati mumtima, afika kale bambo, asuzumira.

Jenereta inalira panja. Makina anali patebulo pakati pa holo, ndipo anatulutsa mtsinje wa kuwala wodutsa pamwamba pa mitu yathu, fumbi likusambira mmenemo ngati timatemba. Mtsinjewo unakathira pansalu yoyera kutsogolo, nsaluyo n'kutseguka ngati khomo.

Ndinakhala ndi mnzanga wa kuchinamwali, amene tinalangidwa tsiku limodzi tili atsikana, ndipo mpaka lero timatchulana iwe. Kanema woyamba anali wa dziko lozizira kuposa lathu. Nkhalamba ina inkayenda ndi hatchi yake pamalo oyera mbee, kumwamba mbee, pansi mbee, osayankhula kanthu, mpweya ukutuluka m'mphuno mwa onse awiri.

"Iwe, ufa wonsewu angoutaya pabwalo?" anandinong'oneza mnzanga.

"Si ufa, ndi kuzizira kwagona pansi."

"Nanga hatchiyo sakuipatsa bulangete bwanji? Atenge limodzi pawindopo."

Tinaseka mpaka aphunzitsi a kutsogolo anatembenuka. Koma nkhalamba ija itagona m'khola itakumbatira khosi la hatchi yake, ndinamva anthu akukokera zitenje m'mapewa.

Tsiku lina anaonetsa wa kutsidya, ku Mozambiki, kumene anachokera makolo athu. Mayi wina ankapeta mapira akuyankhula chiyankhulo cha amayi anga, chija timachimva lero pamaliro ndi pagule basi. Pansi pa nsalu pankayenda timalemba ngati nyerere, ophunzira n'kumatithamangitsa ndi maso. Ife akuluakulu sitinavutike nato. Mayiyo atapereka moni, mabenchi akumbuyo onse anayankha. Atafunsa mwana wake kuti mbuzi zili kuti, gogo wina wa kwa Mkhumba anakuwa kuti zalowa m'munda, wazionera yekha. Ndinapita kunyumba tsiku limenelo ndikuyandama, osadziwa ngati chifunga chili panjira kapena m'mutu mwanga.

Tsopano ndinene za akamwini anga, amuna a mwana wangayu, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Kwathu kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi. Ndipo mayi wobereka mkaziyo ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Si udani, ndi ulemu. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Ndikafuna kuwauza kanthu ndimauza mwana wanga, iwo ali pomwepo, mawu n'kuzungulira ngati madzi ozungulira chulu. Achinyamata ambiri anazisiya zimenezi, koma ine ndinalangidwa ndi anamkungwi olimba, ndipo akamwini anga nawonso analeredwa ndi anthu akale. Zidzukulu zabadwa, zakula, ine nkhope ya bambo awo osaiona mwachindunji. Zidendene zawo ndinkazidziwa. Msana wawo, belu la njinga yawo, kutsokomola kwawo akamafika pakhomo kuti ndipeze kolowera, zonsezo ndinkazidziwa. Nkhope ayi.

Ndipo akamwini angawo ndi amene ankapita kunyanja ndi amuna anga. Bwato limodzi. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, koma mtima wosangalala suwerenga. Sindinaganize n'komwe.

Linafika tsiku la kanema wathu. Ndinasamba madzi otentha, ndinadzola mafuta, ndinavala chitenje chimene ankachikonda, cha maluwa achikasu. Munthu ukamakakumana ndi amuna ako supita ndi miyendo yotuwa. Holo inadzaza mpaka ana anakhala pansi kutsogolo. Amuna mbali yawo, akazi mbali yathu.

Nsalu inatseguka, ndipo Chilwa analowa m'holo. Madzi otuwa ngati phala, njedza ikuwerama, akakowa ataima mwendo umodzi, tinyumba ta asodzi toyandama pa udzu, utsi ukukwera mowongoka. Anthu anayamba kutchula malo, uyu apa, uyu apo. Kenako mphuno ya bwato inatulukira.

Ndipo pansalu ponse panadzaza chibwano cha munthu.

Sindinafunse kuti n'cha ndani. Khutu lija, khosi lija, ndinali nditaziona kumbuyo zaka zonsezi. Akamwini! Mtsikana wa kamera anakhala kumphuno kwa bwato, akamwini patsogolo pake penipeni, amuna anga kumbuyo ndi nsungwi. Dzanja langa silinadikire kuti ndiganize. Chitenje chinali kale kumaso.

"Iwe, yang'ana!" mnzanga ananditsina. "Awo amuna ako awo! Ayi ndithu, ndi iwowo, ndi chipewa chawo chija!"

"Akamwini achokapo?"

"Sanachoke, koma yang'ana kumbuyo kwawo!"

"Ndidutsa bwanji pankhope pawo kuti ndikafike kumbuyoko?"

Mu mdima wa chitenje changa ndinamva mawu. Mawu awo enieni, okhuthala, aulesi pang'ono, akunena za mphepo ya mwera ndi kumene milamba imabisala kukazizira. Ndinamva nsungwi ikulowa m'matope, tchubwi, n'kutuluka. Kenako ndinamva akuseka. Ndinatsegula kampata pakati pa zala, ndinakumana ndi diso la akamwini lalikulu ngati mbale, likundiyang'ana ine ndekha m'holo yonseyo. Ndinatseka. Ndipo ndinkadziwa kuti eni ake disolo ali pomwepo, mbali ya amuna, ndi mudzi wonse uli pomwepo woti uone ngati mayi wolangidwa angatong'olere maso mkamwini wake.

Ndinati ndidikire, mwina atsika m'bwato, mwina awerama. Sanatsike. Anthu anaomba m'manja, jenereta inatsokomola, zitseko zinatseguka. Amuna anga anabwera mpaka pakhomo, ine n'kuwatsekera chitseko.

Panjira mwana wanga anandikalipira ngati ndine mwana wake.

"Amayi, chimene chija n'chithunzi chabe! Si munthu!"

"Chili ndi maso."

"Maso ake saona!"

"Nanga anandipeza bwanji pamene ndinakhala?"

Mnzanga anaseka mpaka anagwira mtengo, koma ataona kuti ine sindikuseka anasiya. Akamwini anali patsogolo patali, akukankha njinga, chifunga chikuwameza n'kuwalavula.

M'mawa mwake mwana wanga ananditengera kwa mtsikana wa kamera uja. Tinamupeza akumwa tiyi pakhonde la holo, manja onse awiri atakumbatira kapu. Atamva nkhani yanga anagwira pakamwa.

"Agogo, pepani. Ine ndinkati ndikawaika awiriwo pamodzi banja lidzasangalala. Sindinkadziwa."

"Unalakwa chiyani, mwana wanga? Bwato ndi limodzi."

Anatulutsa foni yake, nati nditseke akamwini ndi chala, ndione amuna anga okha. Ndinayesa. Koma maso angawa ali ndi ng'ala, ndipo m'kagalasi kaja amuna anga anali ngati kambewu ka nandolo koyandama m'mbale. Ndinayandikiza, ndinatalikiza, ndinapendeka. Kambewu basi. Maso anga ankafuna nsalu yaikulu ija, ndipo nsaluyo inali yoti ipindidwa mawa lake madzulo, ulendo wa kutauni.

"Mawa anthu adzasankha kanema mmodzi woti tibwereze," anatero mtsikanayo. "Amene adzamuombere m'manja kwambiri. Koma agogo, ngakhale atasankha wanuyo, nkhope ija idzakhalapobe."

"Ndikudziwa. Ndidzabwera ndidzamvereko mawu."

Tsiku lomaliza linacha ndi chifunga chokhuthala ngati thobwa. Panja pa holo amayi ankagulitsa mbatata yootcha ndi mtedza wophika, anthu n'kumagula kuti afunditse manja. Mtsikana uja anaima kutsogolo n'kumatchula makanema mmodzimmodzi. Atatchula wa hatchi, aphunzitsi ndi a m'maofesi a paboma anaomba m'manja mwaulemu, phaphapha, ngati mvula yoyamba. Atatchula wa ku Mozambiki, nkhalamba zinagunda ndodo pansi. Atatchula wa ku Chilwa, mayo ine! Mnzanga anali atayenda khomo ndi khomo dzulo lake. Amayi a kunyanja anaimirira onse n'kuimba nthungululu mpaka mabulangete anagwedezeka m'mawindo, ndipo mleme umene unkagona kudenga unadzuka n'kuzungulira holo.

"Chabwino, chabwino, tamva!" anakuwa mtsikanayo atatseka makutu.

Mdima unabwerera. Madzi otuwa, njedza, akakowa. Mphuno ya bwato itangotulukira ndinadzifunditsa ndekha chitenje, n'kutchera makutu ngati munthu wotchera madzi a mvula.

Ndiye ndinamva benchi ikulira mbali ya amuna. Mapazi. Mapazi amene ndimawadziwa. Kenako holo yonse inaphulika ndi phwete.

"N'chiyani?" ndinafunsa.

"Akamwini ako!" Mnzanga ankalephera kupuma. "Apita kukaima pansalu penipeni kuti adzitchinge. Koma nkhope yawo yawagwera pamsana! Diso lili pamalaya, likuphethira!"

"Akulu, mwabereka nkhope yanu ngati mwana!" anakuwa mwamuna wina.

"Tembenukani mupatsane moni!" anatero wina.

Mapazi aja anathamangira panja. Ndinati basi, manyazi awathamangitsa, ndipo ndawachititsa ndine. Koma anabwereranso, ndipo ndinamva mayi wa mtedza akukuwa pakhomo kuti lichero langa, lichero langa, mwanditayira malonda. Mapazi anadutsa pakati pa mabenchi n'kuima pafupi ndi makina. Ndinamva mawu awo, otsika, akuyankhula ndi mkazi wawo monga mwa nthawi zonse.

"Auzeni amayi ayang'ane tsopano."

Mwana wanga anandigwira phewa. "Amayi, tsegulani. Palibe."

Ndinatsitsa chitenje pang'onopang'ono.

Pansalu panali mwezi wakuda, waukulu, wozungulira, utaphimba pamene panali akamwini. Anali atakweza lichero mumtsinje wa kuwala uja. M'timipata ta nsungwi zake munkadutsa timadontho ta kuwala, ndiye mwezi wakudawo unali ndi nyenyezi zakezake. Ndipo pambali pa mweziwo, ataima m'bwato, thambo lili kumbuyo kwawo, anali amuna anga. Atayang'ana kuno.

Ee, ndinaona ine, ndinaona. Chipumi chija chokhala ndi mizere itatu ngati munda wolimidwa bwino. Chipsera cha pansidze chimene anachipeza ali mnyamata. Ndevu za imvi zomera mbali imodzi kuposa inzake. Mphuno ija, mphuno imene ndinkaiseka tili achinyamata kuti imafika pakhomo eni ake akadali kudambo. Ndinaiwala bwanji mphuno imeneyo? Zonse zinabwerera pamalo pake chimodzichimodzi, ngati nkhuku zolowa m'khola madzulo. Sindinalire. Ndinangoti, "Mwaswera bwanji, bambo?" Amayi a pambali panga anayankha m'malo mwawo, "Taswera."

Bwato likagwedezeka, nkhope ya akamwini inkasuntha, ndiye iwo ankaithamangitsa ndi lichero, uku, uko, kuwerama, kunyanyamphira.

"Gule wa tchopa wafika!" anakuwa wina. "Muwaimbire ng'oma!"

"Munthu kuthawa nkhope yake ngati ya ngongole!"

Iwo anangopitiriza ndi lichero. Mkono m'mwamba, ndipo ndinkaona m'mphepete mwa mwezi wakuda uja mukunjenjemera.

Kenako panafika pamene ndinamva kuseka tsiku lija. Amuna anga anayang'ana mwezi wakudawo, anasiya kukankha, n'kuseka. Koma kuseka kwake! Mutu kumbuyo, m'kamwa monse poyera, maso atatsekeka, mapewa akudumpha. Ine ndinakhala nawo moyo wonse, koma kuseka kotero ndinakuona tisanakwatirane basi. Pamudzi pathu ankaseka motseka pakamwa, ngati munthu wodya kwa eni. Pajatu nawonso anali mkamwini. Anabwera kwathu ndi kathumba, anamanga nyumba pa dothi la amayi anga, anapatukira amayi anga kutchire mpaka amayi anamwalira. Mlendo mpaka imvi. Ndiye kunyanja kuja, m'bwato muja, munali alendo awiri amene apeza kwawo.

Ndipo chimene chinkawaseketsa chinali kuseri kwa lichero.

Ndinaona dzanja lawo likutambasuka n'kulowa mu mdima uja mpaka m'chigongono. Linkachita chiyani mmenemo? Theka la amuna anga linali kumene ine sindinkaloledwa kuona. Nkhope ndinali nditaipeza, koma inali ikuyang'ana munthu, ndipo nkhope yoyang'ana munthu sungaitenge yokha.

Ndinaimirira. Mawondo analira, koma ndinaimirira.

"Apongozi," ndinatero. Kwathu timaitanana choncho, iwo kwa ine, ine kwa iwo, koma ine ndinali ndisanawaitanepo. "Apongozi, tsitsani lichero. Mkono watopa."

Mwezi wakuda unagwedezeka koma sunatsike.

"Akuti chiyani amayi?" akamwini anafunsa mkazi wawo.

"Musafunse uyo. Ndanena ndine. Tsitsani, mwana wanga, ndikuoneni."

"Iii," anatero mnzanga chapansipansi. "Anamkungwi atembenuka m'manda." Koma anandigwira chitenje kuti ndisagwe.

Mwezi unatsika pang'onopang'ono, ngati ukulowa m'nyanja. Mtsikana wa kamera, osauzidwa ndi munthu, anabweza kanemayo m'mbuyo pang'ono, madzi n'kuyenda chobwerera, mbalame n'kuuluka chafutambuyo. Kenako zinayambiranso.

Akamwini anakoka mlamba waukulu m'madzi, mlambawo n'kuwamenya mchira patsaya, phwa, matope nkhope yonse. Anatsala ali tong'o, maso okha akuyera. Ndiye kuseka kuja. Ndipo dzanja lija la amuna anga, long'ambikang'ambika lija, linafika patsaya pawo n'kupukuta matope ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, monga umapukutira mwana amene wadya mango. Akamwini n'kumwetulira.

Nkhope yabwino, anthu inu. Yotakata, yamanyazi, ya maso ofatsa ngati a ng'ombe. Ndi kampata pakati pa mano akutsogolo.

"Ndiye kumene anakatenga kampata kaja mdzukulu wanga wamkazi!" ndinakuwa. "Ine ndinkati n'ka kwathu!"

Holo inagwa ndi kuseka, amayi anaimba nthungululu, ndipo ine ndinapezeka ndikuimba, mawu akungobwera okha: awiri m'bwato, awiri m'bwato, wina ndi wanga, winanso ndi wanga. Amayi a kunyanja anailandira ngati akhala akuidziwa. Kanema anatha tikuimba. Zimene ananena asodzi kumapeto kwake sindinazimve, ndipo amene anabwera kudzamvetsera atikhululukire.

Potuluka, akamwini anakabweza lichero n'kutola mtedza umene unatayika, mmodzimmodzi, mayi uja akuwalalatira uku akuseka. Panjira anayenda patsogolo ndi njinga monga kale. Titafika pokhota pamene njira imapanikizika ndi minda ya nandolo, anaima kuti tidutse, n'kupatukira m'munda. Inenso miyendo yanga inapatukira mbali inayo yokha. Tinaima choncho, wina uku wina uko, njira ili pululu pakati, chifunga chikudutsapo.

"Nanga adutse ndani?" anafunsa mwana wanga. "Mpaka Ogasiti muli pomwepa?"

M'mawa mwake ndinagwira tambala wanga wofiira n'kupatsa mnzanga kuti akapereke kunyumba kwa akamwini, pakuti kwathu apongozi akafuna kumasulana pamayenda nkhuku. Iwo anabweza matemba odzaza mbale. Madzulo ake anabwera okha pakhomo, anatsokomola monga mwa chizolowezi, ine osathawa. Anakhala pa mpando wa malemu. Tinayankhula za mphepo. Iwo ankayang'ana nkhokwe, ine ndinkayang'ana mbuzi, koma apa ndi apo maso ankakumana n'kuthawana ngati ana obisalirana.

Chimene ndinaiwala ndi bulangete. M'chisangalalo chija ndinalisiya pawindo la holo, ndipo masiku amenewo ndinkagona ndi zitenje, mawondo ali pachibwano. Ndi mmene amuna anga anabwerera kutulo. Madzi otuwa omwe aja, njedza yomwe ija, msana womwe uja. Sindinaitane n'komwe. Anazika nsungwi m'matope, bwato linazungulira lokha, ndipo anatembenuka. Chipumi, chipsera, mphuno yonse.

"Mayi," anatero, "bulangete langa mwapachika pawindo la eni, ine ndifunde chiyani?"

Ndinadzuka ndikuseka, mano akugundana ndi kuzizira. Kutacha sindinatume munthu. Ndinayenda ndekha kudutsa bwalo, ndinaima pakhomo pa akamwini anga, ndinawayang'ana kumaso n'kuwauza kuti apope njinga, tikatenge bulangete.